Tsiku Limene aMabuleki Anaponda Moto

Alamu anga, amuna a achemwali anga, ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Dzina lawo lenileni linkamveka kuchipatala kokha, nesi akamaitana odwala. Kwina konse anali aMabuleki. Anawapatsa dzinali ndi ophunzira awo omwe, chifukwa galimoto ya sukulu imakhala ndi mabuleki awiri, ena kumapazi kwa wophunzira, ena kumapazi kwa mphunzitsi, ndipo a alamuwo ankatha msanga kuposa a wophunzira. Galu akaoneka patali, buleki. Munthu akayasamula m'mbali mwa msewu, buleki. Iwo dzinalo sankadana nalo. Ankati bola kutchedwa aMabuleki kusiyana n'kutchedwa malemu.

Ntchitoyi anaiyamba asanamere imvi. Poyamba anali dalaivala wa mwini sukuluyo, kutenga ana kusukulu ndi mayi kumsika. Bwanayo ataona kuti zaka zikupita galimoto osakandika ngakhale utoto, anawasamutsira kumpando wa mphunzitsi, ndipo pampandopo ndi pomwe anakalambira. Mkono umodzi unada kuposa unzake chifukwa chotsamira pawindo. Njira yawo inali imodzi tsiku lililonse: kutuluka pageti la sukulu kuseri kwa mashopu, kudutsa pamsika, kukazungulira migolo pabwalo lafumbi pophunzira kubwerera m'mbuyo, kukwera kachitunda ka pathanki ya madzi, kuima pakati pa chitundacho, kudzukanso, n'kubwerera. Giya yachiwiri ndiyo inali kwawo. Yachitatu ankaipereka ngati mphatso kwa wophunzira amene wawasangalatsa.

Kunyumba analinso choncho. Tiyi ankamwa atazizira. Achemwali amati nthawi yomwe alamu ankawafunsira, anthu ena anafunsirana, kukwatirana, kubereka, mpaka kulekana, iwo akadali poperekezana pakona. Mawu awo anali amodzi kulikonse, akuti kuthamanga si kufika. Ndiwanenere zabwino apa: mwa anthu onse amene anadutsa m'manja mwawo, sindinamvepo wina atagunda munthu. Ambiri a iwo amachedwa kuntchito, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ine ndimagulitsa zipangizo za galimoto mumzere womwewo wa mashopu, ndiye galimoto ya alamu inkadutsa pakhomo panga kangapo patsiku. Inali yoyera, yaing'ono, ndi chikwangwani cha dzina la sukulu padenga. Ankaitsuka okha m'mawa uliwonse, ndipo wophunzira akafika ndi matope kumapazi ankayamba waphunzira kupukuta nsapato. Inakalamba nawo limodzi. Kenako inayamba kudwala. Ikaima inkanjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo kumavina. Ikamadzuka inkasiya utsi wakuda, petulo n'kumamwa ngati lole. Pachitunda chija inkangozima. Ophunzira onse padziko amanamizira galimoto ikawazimira, koma a ulendo uno ankanena zoona. Zinafika poipa tsiku lomwe woyesa madalaivala analowa mugalimotomo kuti ayese mayi wina, n'kutulukamo akutsokomola, nati iye sanabwere kudzawambidwa.

Pa nthawiyi mwini sukulu uja anali atamwalira, ndipo sukulu inali m'manja mwa mwana wake wamkazi. Mwanayu alamu ankamutenga kusukulu ali ndi yunifolomu, ndipo chiwongolero anamugwiritsa ndi iwo omwe. Tsopano anali abwana. Anali atagula galimoto ziwiri zatsopano zosintha zokha magiya, chifukwa anthu a masiku ano kilatchi saifuna, ndipo iliyonse inali kale ndi mphunzitsi wake. Anawaitanira alamu muofesi, n'kuwapatsa mpando.

“Bambo, galimoto yanu ikupita kokayezedwa mwezi ukubwerawu,” anatero abwanawo. “Ikakhoza, ipitiriza ntchito. Ikalephera, ndiigulitsa kwa ophwasula, ndipo ina ya magiya sindigulanso.”

“Nanga ine?” anafunsa alamu.

Abwana anayang'ana pawindo, ngakhale kunja kunalibe chilichonse choti n'kuyang'ana. Alamu anathokoza, anabwezera mpando pamalo pake, n'kutuluka. Anali atamva kuti galimoto ikapita, iwonso apita.

Anaitengera kugalaja ya aSipanala, makaniko wa kumapeto kwa mzere wathu, munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka. ASipanala anamasula pulagi imodzi n'kuwaonetsa. Inali bii, yokutidwa ndi zouma ngati pansi pa poto. Kenako anaunika ndi tochi pabowo lija nati alamu asuzumire.

“Mwaona zakudazo? Ameneyo ndi kaboni, mwaye wa petulo. Injini ikamangoyenda pang'onopang'ono, tiulendo tifupitifupi, kuzimazima, petulo sapsa yense. Wotsalayo amamatirira pamavalavu ndi pamitu ya mapisitoni, mpaka injini kumalephera kupuma. Galimotoyi ilibe matenda ena. Matenda ake ndi inuyo, madala.”

“Ine ndimaisamala,” anatero alamu.

“N'zimene ndikunenazo.”

Njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kutsegula injini n'kupala mwayewo ndi manja, koma abwana anali atanena kale kuti galimoto yokalamba chotero saichitira opaleshoni. Yachiwiri inali mankhwala otsukira injini, aja othira m'thanki. ASipanala sanalonjeze kanthu. Anati nthawi zina amathandiza, nthawi zina ayi, malinga ndi mmene mwayewo waumira.

Ndi mmene alamu anafikira pakauntala panga. Ndinawatsitsira kabotolo kapashelefu. Anakatembenuza uku ndi uku, kukagwedeza pafupi ndi khutu, n'kukabweza kwa ine kuti ndiwerenge, poti zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Ndinawauza zonse. Muthire m'thanki petulo atatsala pang'ono, mudzazitse, kenako muiyendetse mwamphamvu pamsewu wautali mpaka injini itenthe bwino.

“Ndamva, mlamu,” anatero.

Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuuza anthu zochita amamva ndi khutu limodzi. Anathira mankhwala, anadzazitsa thanki, anapita kunyumba pa giya yawo ija, n'kuimika galimoto pansi pa mtengo. Anaifunditsa lona, m'mbali n'kutsamiza njerwa kuti mphepo isalowe. Loweruka lonse ndi Lamlungu inagona pomwepo. Zidzukulu anaziletsa kusewera pafupi. Achemwali atafunsa, anayankhidwa kuti wodwala akamwa mankhwala amafunika kupuma.

Lolemba m'mawa utsi unali womwe uja. Alamu anabwera kushopu nkhope itagwa, ndipo anapeza aSipanala akusankha lamba wa fani.

“Mlamu, mwandigulitsa madzi,” anatero.

“Munaiyendetsa?” ndinafunsa.

“Ndinaipumitsa kaye kuti mankhwala alowerere.”

ASipanala anaseka mpaka kukhala pansi patayala, misozi ili chuchuchu. Atapeza mpweya anati, “Alowerere kuti? Mankhwala aja akadali m'thanki, akudikira inuyo! Amayenda ndi petulo. Ayenera kudutsa mu injini yotentha, afewetse mwayewo, upse, utulukire kupaipi ya utsi. Pitani nayo kumsewu waukulu mukaiponde mpaka ilire. Kapena ndipatseni makiyi, ndikubwezerani isanakwane nthawi ya nkhomaliro.”

Alamu anayang'ana aSipanala, anayang'ananso galimoto ya aSipanala yomwe inali panja, yopanda bampala ndi nyale imodzi, n'kuika makiyi m'thumba. Anati galimoto ya sukulu amayendetsa ndi mphunzitsi kapena wophunzira ali ndi mphunzitsi, palibenso wachitatu. Sabata imeneyo anaimitsa maphunziro kuti petulo wa mankhwala uja asathere pamigolo.

Lamlungu masana anabwera kudzanditenga. Anati popeza mankhwala ndi anga, ndikhale mboni. Achemwali anali atakana kukwera. Anati ali ndi zovala zoti asite, ndipo ngati amuna awo akupita kukathamanga, chakudya chamadzulo angochisunga mpaka Lachiwiri.

Ndinakhala kumpando wa mphunzitsi. Mpandowo unali ndi dzenje la thupi la alamu, ndipo ine ndinangomiramo. Kumapazi kwanga kunali buleki ndi kilatchi zawo zija, zitatha mpaka chitsulo kuwala.

“Zimenezo musakhudze,” anandiuza.

“Ine kuyendetsa sinditha, alamu, ndingazikhudzirenji?”

“Osatha ndi amene amakhudza.”

Ndinapinda miyendo kulowetsa pansi pa mpando. Iwo anakonza galasi, anakonza mpando, anakonzanso galasi, anaona ngati lamba wanga wagwira. Kumpando wa dalaivala ankaoneka ngati mlendo. Tinatuluka m'tauni galimoto ikutsokomola. Titadutsa nyumba zomaliza ndi fakitale ya matabwa, msewu unawongoka, mbali zonse minda yokhayokha. Bambo wina wa panjinga yamoto, atanyamula matilesi kumbuyo, anatipitirira n'kutiyang'ana mwachifundo.

“Alamu, mankhwala aja akugonatu,” ndinatero.

Analowetsa giya yachitatu. Patapita kanthawi anafuna yachinayi, dzanja likufufuza ngati munthu wosaka switchi m'nyumba ya eni. Yachisanu inakana kaye, poti chigulireni galimotoyo sindikhulupirira kuti inalowetsedwapo. Anaikankha ndi manja amphamvu, inalowa. Thukuta linali litatsikira m'kolala. Kenako anakumbukira zomwe aSipanala ananena, zoti injini ilire, ndiye anabwerera ku yachinayi, anapuma mozama, naponda moto.

Galimoto inatsamwa. Inagwedezeka ngati ikufuna kusanza, ndipo ine ndinaganiza kuti basi, tibwerera wapansi. Kunamveka kuphulika kumbuyo, phuu! Nditacheuka sindinaonenso msewu, unali utsi wokhawokha wakuda bii, ndi fungo la tayala lopsa. Alamu phazi lawo linanyamuka lokha. Ndinaliona likunyamuka, likupita kubuleki, n'kuima m'malere. Analibweza pamoto. Utsi unatulukanso kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse wocheperako, ndipo tinapita choncho mtunda wautali ndithu, injini ikukuwa, ine nditagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja awiri.

Sindingathe kunena malo enieni pomwe kulira kwa injini kunasinthira. Ndinangozindikira kuti galasi lasiya kuvina, kukhosomola kuja kwatha, ndipo galimoto ikupita mopepuka ngati yatula katundu. Ndinayang'ana alamu. Anali akuseka. Chiwadziwireni ndinali ndisanaonepo mano awo a m'mbali.

“Mlamu! Mukuimva?” anakuwa. “Mukuimva mwanayu?”

Kutsogolo kwathu kunali basi yaikulu yodzaza anthu, ndipo nayonso sinkayenda pang'ono. Ndinkayembekeza kuti tikhala kumbuyo kwake mpaka dzuwa kulowa, monga mwa chiphunzitso. Alamu anayang'ana pagalasi, anayatsa indiketa, anacheuka kuona paphewa, zonse mwa dongosolo lake ngati pamayeso, n'kutuluka. Muvi wa liwiro unadutsa pomwe lamulo limalekezera. Ine ndinauona, iwonso anauona. Paipi inalavula utsi womaliza pamphuno pa basiyo. Nthawi yonse yomwe tinali pambali pake, anthu anali atadzaza m'mawindo, ena akuloza chikwangwani cha padenga, ena atatukula mafoni. Alamu anawaimbira hutala kawiri.

Tinakatembenukira pamalo ena omwetsera mafuta, petulo atatsika ndithu. Pobwerera anayenda mwaulemu, koma pa giya yachisanu. Titafika pakhomo pawo sanazimitse injini. Anatuluka, anaika chikhatho paboneti, n'kuitana achemwali kuti adzamve. Achemwali anatuluka ndi nsalu yosita m'manja, anamvetsera, nati sakumva kalikonse. Alamu anati n'zimenezotu.

Galimoto inapita kokayezedwa ndipo inakhoza. Woyeza anafunsa ngati aika injini ina. ASipanala anayenda mzere wonse wa mashopu akuuza aliyense kuti nzeru inali yawo, ndipo mabotolo a pashelefu yanga anatha sabata yomweyo.

Koma tsoka silinunkha. Kanema yemwe anajambula anthu a m'basi ija anali atayamba kale kuyenda m'mafoni. Ine anandionetsa ndi mayi wogulitsa utoto pashopu yoyandikana nane, asakudziwa kuti mutu ukuoneka kumpando winawo ndi wanga. Zonse zinkaoneka bwino: dzina la sukulu padenga, utsi kumbuyo, ndi mkulu wa imvi ali pachiwongolero kukamwa kuli yasa. Wina analemba pansi pake kuti amene akufuna laisensi ya ndege apite kumeneku. Anthu anaseka, n'kutumizirana, n'kusekanso. Ndinakwiya kwambiri, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimakwiya. Munthu wayenda ngati kamba moyo wake wonse popanda womujambula ndi mmodzi yemwe.

Makolo anayamba kuimba foni kusukulu. Kampani ina yomwe inkatumiza antchito ake kudzaphunzira inati iganizanso kaye. Ndipo panali lamulo lakale la pasukulupo, loti mphunzitsi akapezeka akuthamangitsa galimoto ya sukulu, ntchito yathera pomwepo. Zaka za m'mbuyomo mphunzitsi wina anachotsedwa ndi lamulo lomweli, ndipo amene anakamunenera kwa bwana anali alamu.

Abwana anawaitananso muofesi. Zomwe zinachitikamo anandiuza ndi mayi wolandira alendo, amene khoma la ofesiyo silimubisira kanthu. Akuti abwana anayamba ndi kuzungulira, za nyengo, za thanzi la achemwali. Alamu anawadula.

“Mwanangu, usavutike. Lamulolo ndimalidziwa. Bambo ako akuliika ine ndinalipo.”

“Bwanji simunandiuze, bambo? Tikanachotsa chikwangwani, kapena tikanapeza njira ina.”

“Chikwangwani sichimachoka pagalimoto ya sukulu,” anatero alamu. “Komanso basi ija sinali m'malangizo a pabotolo. Imene ija ndinaipitirira ndekha.”

Akuti amene analira ndi abwana. Alamu anawadikira kuti amalize, n'kupempha kuti ophunzira awo awiri omwe anatsala pang'ono kuyesedwa asawasinthire galimoto, chifukwa anazolowera kilatchi yake.

Achemwali anakhala osandilankhula kwa kanthawi. Ankati ine ndinali pompo, mabuleki ali kumapazi kwanga. Ndinawayankha kuti eni mabulekiwo anandiletsa, ndipo nkhani inathera pamenepo, chifukwa tonse tikuwadziwa alamu. Iwo eni sanadandaule pamaso pa munthu. Walira mvula walira matope, anatero kamodzi, n'kupempha tiyi.

Galimoto inapatsidwa kwa aJekete, mmodzi wa aphunzitsi a galimoto zatsopano zija, bambo wa ana atatu amene savula jekete ngakhale kutenthe bwanji. Tsiku lopereka makiyi alamu anapita m'mawa, anaitsuka komaliza, n'kuiimika kutsogolo kwa shopu yanga, poti pabwalo la sukulu pankathiridwa miyala. AJekete anabwera pomwepo, ndipo ine ndinamva zonse ndili pakauntala. Alamu anawaonetsa pomwe jeke amakhala, chitseko chomwe chimafuna kukankha ndi bondo, ndi mmene giya yobwerera m'mbuyo imafunira kuinyengerera. Kenako anatsitsa mawu.

“Achimwene, ndikupempheni chinthu chimodzi. Pakapita nthawi muzipita nayo kumsewu waukulu. Muziiponda ndithu, ipume. Ine zaka zonsezi ndinkayesa ndikuisamala, osadziwa kuti ndikuitsamwitsa. Sindinkadziwa n'komwe kuti imatha kuthamanga chonchija.”

AJekete anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti alamu sakuseka, anasiya.

“Madala, ine ntchito ndikuifuna,” anatero.

Alamu anagwedeza mutu kuvomereza, monga ankachitira wophunzira akayankha molondola, n'kupereka makiyi. AJekete analowa, anakonza galasi, nadzuka pang'onopang'ono kulowera kumsika, pa giya yachiwiri. Alamu anaima pakhonde langa mpaka inakhota. Ndinawafunsa ngati ndiwaitanire takisi. Anati ayi, ayenda wapansi, kunyumba kulibe chowathamangitsa.